Sikelo, Gitala ndi Makatoni: Nyambo za Makampani a Masewera a Pakanema

Mu Novembala 2025, pa sabata imene masitolo a ku America amatsitsa mitengo pokonzekera Khrisimasi, kabokosi kotchedwa Nex Playground kanagulidwa kwambiri kuposa makina a masewera a Xbox, omwe ndi a kampani yaikulu ya Microsoft. Izi ndi malinga ndi bungwe la Circana, lomwe limawerengera malonda a m'masitolo a m'dzikolo. Posewera ndi kabokosika munthu sagwira kanthu m'manja. Kali ndi kamera imene imaona wosewera akamadumpha, kuvina kapena kutambasula manja, ndipo chithunzi cha pa TV chimatsatira zomwezo. Eni ake amakatsatsa makamaka kwa mabanja amene ali ndi ana aang'ono.

Miyezi isanu izi zisanachitike, mu Juni 2025, kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa makina atsopano otchedwa Switch 2. Zowongolera zake munthu angathe kuzikhwekhwereza patebulo ngati mausi ya kompyuta. M'masewera ena otchedwa Drag x Drive, wosewera amakankha zowongolera ziwirizo monga mmene munthu amakankhira mateyala a njinga ya olumala, ndipo pakanema pamaoneka anthu akusewera basketball ali panjinga zoterezi.

Zochitika ziwirizi zadzutsanso funso limene makampani opanga masewera a pakanema akhala akulimbana nalo kwa zaka 40: kodi munthu amene sanasewerepo masewerawa, ndipo alibe nawo chidwi, angakopeke bwanji? Kawirikawiri makampaniwa amayankha funsoli ndi chipangizo chachilendo cholumikiza ku makina awo. Pakhala magitala apulasitiki, mikeka yovinira, masikelo, ng'oma, ndodo zowedzera nsomba, ngakhalenso makina osokera zovala. Mbiri ya zipangizozi ikusonyeza kuti zimathadi kulowetsa alendo m'nyumba, nthawi zina mamiliyoni ambiri, koma zambiri zimalephera kuwakhazika. Makampani amene anaiwala zimenezi anataya ndalama zochuluka, ndipo ina inagweratu.

Mabatani amaopseza mlendo

Chopinga choyamba kwa munthu wosazolowera ndi chimene amayenera kugwira m'manja. Makina a Atari 2600, amene anatuluka mu 1977, anali ndi kamtengo kamodzi kopendeketsa ndi batani limodzi, ndipo aliyense ankatha kuphunzira kusewera m'mphindi zochepa. Pofika mu 2000, chowongolera cha PlayStation 2, chimene achinyamata amangochitchula kuti padi, chinali ndi timitengo tiwiri ndi mabatani oposa khumi. Kwa mnyamata amene anakula nacho, imeneyi si nkhani. Kwa agogo, kapena kwa mayi amene sanachigwirepo, kuli ngati kuuzidwa kuyendetsa galimoto asanaphunzire.

Satoru Iwata, amene anatsogolera Nintendo kuyambira mu 2002 mpaka pamene anamwalira mu 2015, ankaona kuti makampani onse akulimbirana gulu limodzimodzi la anyamata, pomwe msika wa masewera ku Japan unali kuchepa. Iye anaika cholinga choti kampani yake ichulukitse chiwerengero cha anthu osewera, posayang'ana msinkhu kapena kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Njira yake inali yoti mlendo asavutike ndi kuphunzira mabatani, koma apatsidwe chinthu chimene thupi lake likuchidziwa kale. Aliyense amadziwa kuponya, kuvina, kuimba ndi kuima pasikelo.

Chidole chimene chinatsegula masitolo

Maganizo amenewa sanayambe ndi Iwata. Mu 1983 msika wa masewera a pakanema ku America unagwa chifukwa masitolo anadzaza ndi masewera osalongosoka amene anthu anasiya kugula. Eni masitolo sankafunanso kumva za makina a masewera. Pamene Nintendo inkalowetsa makina ake a NES mumzinda wa New York mu 1985, inawagulitsa pamodzi ndi mfuti yapulasitiki yowombera abakha a pakanema, komanso chidole cha loboti chotchedwa R.O.B., chimene chinkanyamula ndi kusuntha tinthu potsatira kuwala kochokera pa TV. Chidolecho chinachititsa kuti makinawo aoneke ngati choseweretsa cha ana, ndipo masitolo anavomera kuwaika pamashelefu. Masewera ogwiritsa ntchito R.O.B. anangopangidwa awiri basi, Gyromite ndi Stack-Up, ndipo posakhalitsa chidolecho chinaiwalika. Komabe ntchito yake chinali chitagwira kale, popeza makinawo anali atalowa m'nyumba za anthu.

Zipangizo zina zinakanika ngakhale ntchito imeneyi. Mu 1989 kampani ya Mattel inatulutsa golovesi yotchedwa Power Glove, imene inkayenera kuwongolera masewera munthu akamagwedeza dzanja. Golovesiyo sinkamva bwino zimene dzanja likuchita, ndipo chaka chotsatira inasiya kupangidwa. Mu 1998 kampani ya Bandai ya ku Japan inapanga chipangizo cholumikiza ku kamakina ka m'manja ka Game Boy, chothandiza msodzi kuona pamene pali nsomba m'madzi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera makina osokera a Singer Izek, amene wosoka ankasankhira mtundu wa msoko pa Game Boy Color. Izi zinali zofuna kukopa asodzi ndi osoka, koma zinathera m'manja mwa anthu ochepa.

Zimene zinayenda bwino ndi zija zinabwereka zinthu zimene anthu amachita kale akasonkhana. Masewera a Dance Dance Revolution, amene kampani ya Konami inayambitsa mu 1998, amaseweredwa popondaponda mivi inayi ya pamkeka motsatira nyimbo. Anatchuka kwambiri moti mu 2006 chigawo cha West Virginia ku America chinalengeza kuti chiwaika m'sukulu zake zonse 765 za boma pofuna kuchepetsa vuto la kunenepa kwambiri kwa ana. Nayo kampani ya Sony inatulutsa kamera ya EyeToy mu 2003, mamaikolofoni oimbira a SingStar mu 2004, ndi mabatani oyankhira mafunso a mpikisano a Buzz! mu 2005. Zipangizozi, makamaka ku Ulaya, zinachotsa PlayStation 2 kuchipinda kwa mnyamata n'kuibweretsa pabalaza, pamene pamakhala banja lonse.

Zaka za Wii

Chimake cha zonsezi chinafika mu Novembala 2006 pamene Nintendo inatulutsa makina a Wii. Chowongolera chake anachipanga dala kuti chifanane ndi rimoti ya TV, chinthu chimene aliyense m'nyumba sachita nacho mantha. M'kati mwake munali kachipangizo komva kugwedezeka, moti wosewera tenisi ankangogwedeza dzanja ngati akumenyadi mpira. Zithunzi za Wii sizinali zokongola ngati za makina a opikisana nayo, koma ku America inkagulitsidwa madola 250, pomwe PlayStation 3, imene inatuluka mwezi womwewo, inali madola 500 kapena 600.

Anthu anasewera ndi mphamvu moti ena rimoti inkawapulumuka n'kuswa galasi la TV, ndipo mu Disembala 2006 kampaniyo inalengeza kuti isintha zingwe zomangira pamkono zokwana 3.2 miliyoni. M'nyumba zosamaliramo okalamba ku America ndi ku Britain munayamba mipikisano ya bowling ya pa Wii. Pomaliza pake makinawa anagulitsidwa oposa 101 miliyoni, kupambana PlayStation 3 ndi Xbox 360, amene aliwonse sanafike 90 miliyoni.

Mu Disembala 2007 ku Japan, ndiponso mu 2008 kumayiko ena, kunabwera Wii Fit. Ganizo lake linachokera kwa Shigeru Miyamoto, katswiri amene anapanga masewera a Mario, yemwe anali ndi chizolowezi chodziyeza kulemera kwa thupi tsiku ndi tsiku n'kumalemba zotsatira zake. Chipangizo chake chinali thabwa loyera lokhala ngati sikelo ya kubafa, lokhala ndi tizipangizo tinayi m'makona toyezera mbali imene munthu wapendekera. Kunena zoona, anthu ankagula sikelo yolankhula imene inkawauza kuti anenepa, n'kuwalimbikitsa kuchita masewera olimbitsa thupi. Wii Fit inagulitsidwa makope oposa 22 miliyoni, ndipo Wii Fit Plus, imene inatsatira mu 2009, oposa 21 miliyoni. Mwa ogulawo munali amayi ndi anthu achikulire ambiri amene kale sankalowa n'komwe m'sitolo ya masewera.

Ichi chakoma, ichi chakoma

Makampani ena ataona zimenezi anathamangira kupanga zipangizo zawo, ndipo apa ndi pamene panayambira mavuto. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Masewera a Guitar Hero anatuluka mu 2005 ndi gitala yapulasitiki ya mabatani asanu amitundumitundu. Munthu wosadziwa kuimba gitala ankadzimva ngati katswiri pamaso pa chikhamu. Mu 2006 kampani ya Activision inagula kampani yaing'ono ya RedOctane, eni ake a dzinali, pamtengo wa madola pafupifupi 100 miliyoni, ndipo pambuyo pake inalengeza kuti Guitar Hero III ya mu 2007 inali itabweretsa ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Opikisana nawo, a Rock Band, anawonjezera ng'oma ndi maikolofoni. Mu 2009 mokha Activision inatulutsa masewera osachepera asanu a mtundu womwewu. Koma banja limene lili kale ndi magitala awiri ndi ng'oma pabalaza siliona chifukwa chogulira zina, makamaka pa nthawi imene chuma cha dziko lonse chinali chitasokonekera kuyambira mu 2008. Malonda anatsika mofulumira, ndipo mu Febuluwale 2011 Activision inatseka nthambi yake ya Guitar Hero.

Kampani ya THQ ya ku America inapweteka koposa. Mu 2010 inatulutsa uDraw, kathabwa kojambulirapo zithunzi ka ana kolumikiza ku Wii, ndipo kanayenda malonda. Chaka chotsatira inapanga timathabwa tambiri ta PlayStation 3 ndi Xbox 360, poganiza kuti eni makinawa nawonso atikonda. Anthu sanagule. Timathabwa tokwana 1.4 miliyoni tinatsala m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo ndalama zimene kampaniyo inkayembekezera zinaperewera ndi madola pafupifupi 100 miliyoni. THQ inali ndi mavuto enanso, koma uDraw inaifooketsa kwambiri. Mu Disembala 2012 inalengeza kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo katundu wake anagulitsidwa mwezi wotsatira.

Apa pali kusiyana kwakukulu pakati pa masewera ndi chipangizo. Kope lina la masewera limapangidwa ndi ndalama zochepa kwambiri. Gitala kapena kathabwa kamafuna fakitale, sitima yapamadzi, malo osungira ndi malo aakulu pashelefu. Kampani imayenera kulosera miyezi ingapo Khrisimasi isanafike kuti anthu adzagula zingati. Ikachepetsa, makasitomala amapita kwina. Ikachulukitsa, imatsala ndi phiri la pulasitiki.

Ngakhale Microsoft, ndi chuma chake chonse, inagwa m'mbuna yomweyi. Kamera yake ya Kinect, imene inkaona thupi lonse la wosewera, inatuluka mu Novembala 2010 ndipo makamera 8 miliyoni anagulitsidwa m'masiku 60 oyambirira. Poona izi, mu 2013 kampaniyo inaganiza zoti aliyense wogula makina atsopano a Xbox One azigula ndi Kinect yomwe. Mtengo unafika madola 499, pomwe PlayStation 4 inali madola 399. Osewera akale, amene ndiwo amagula makina akangotuluka, sanafune kulipira madola 100 owonjezera chifukwa cha kamera imene masewera awo okondedwa sankaigwiritsa ntchito. Mu Juni 2014 Microsoft inayamba kugulitsa Xbox One yopanda Kinect, ndipo mu Okutobala 2017 inasiya kupanga kamerayo, itagulitsa pafupifupi 35 miliyoni. Luso lake silinafe: kampani ya ku Israel ya PrimeSense, imene inapanga diso la Kinect yoyamba, inagulidwa ndi Apple mu 2013, ndipo njira yofanana nayo ndi imene iPhone X ya mu 2017 inagwiritsa ntchito pozindikira nkhope ya mwini wake.

Nanga malonjezo a zaumoyo?

Zambiri mwa zipangizozi zinkatsatsidwa kuti n'zothandiza thanzi, chifukwa mawu amenewa ndi amene amafewetsa mtima wa kholo. Zimene ofufuza anapeza n'zosakanikirana.

Mu 2010 akatswiri a payunivesite ya Melbourne ku Australia anapeza kuti thabwa la Wii Fit limayeza bwino mmene munthu amaimira mosagwedezeka, pafupifupi mofanana ndi makina odula kwambiri a m'chipatala. Koma kafukufuku wina wa ku Baylor College of Medicine mumzinda wa Houston, amene anasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya madokotala ya Pediatrics, anapeza kuti ana a zaka 9 mpaka 12 amene anapatsidwa masewera a Wii odumphadumpha sanagwiritse ntchito matupi awo kuposa ana amene anapatsidwa masewera osewera atakhala pansi. Mu 2016 magazini ya The Lancet Neurology inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 141 amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand. Ena ankalimbitsa mikono ndi Wii, ena ankasewera makadi, bingo ndi masewera ena wamba. Magulu onse awiri anapezako bwino, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni. Kwa zipatala za mayiko osauka, uthengawu ndi wolimbikitsa: chofunika ndi kugwiritsa ntchito mkonowo mobwerezabwereza, ndipo paketi ya makadi ingathandize pa zimenezi.

Chipangizo china chochititsa chidwi chinali Didget, cha kampani ya Bayer, chimene chinatuluka ku Britain mu 2009. Chinali choyezera shuga m'magazi, cholumikiza ku kamakina ka m'manja ka Nintendo DS, ndipo mwana wodwala matenda a shuga ankalandira mphoto m'masewera akamadziyeza mosadumphitsa. Tsoka lake linali lakuti chinkalowa pakabowo kamene Nintendo inakachotsa pa mtundu watsopano wa makinawo, wotchedwa DSi. Chipangizo chilichonse chotere chimadalira makina a kampani ina, ndipo makinawo akasintha, nacho chimatha ntchito.

Nintendo yeniyeniyo inadziwa polekezera. Mu Juni 2009 Iwata anaonetsa Vitality Sensor, kachipangizo kovala kuchala koyeza kugunda kwa mtima, kamene kankayenera kuthandiza anthu kupumula m'maganizo. Sikanafike m'sitolo. Mu 2013 iye anauza eni masheya kuti atakayesa pa anthu ambiri, kankagwira bwino ntchito pa anthu 90 mwa 100 aliwonse, ndipo kampaniyo inaona kuti sikoyenera kugulitsa chinthu cholephera pa anthu khumi otsalawo.

Mlendo ndi mame

Funso lalikulu ndi lakuti anthu mamiliyoni amene Wii inakopa anapita kuti. Mu Novembala 2012 Nintendo inatulutsa Wii U, yokhala ndi chowongolera chachikulu cha galasi logusa. Anthu ambiri anaganiza kuti chimenechi chinali chipangizo chinanso cholumikiza ku Wii yakale, osadziwa kuti ndi makina atsopano. Kampani imene inazoloweretsa anthu zipangizo zachilendo inakodwa mumsampha wake womwe. Wii U inagulitsidwa 13.56 miliyoni yokha, ndipo inasiya kupangidwa mu 2017.

Alendo aja sanasiye kusewera. Anasamukira pa foni. Apple inatulutsa iPhone mu 2007 ndi sitolo yake ya mapulogalamu mu 2008. Angry Birds inabwera mu 2009, Candy Crush Saga mu 2012. Pafoni palibe mabatani oti munthu aphunzire, chala chimangogusa galasi, masewera ambiri ndi aulere poyamba, ndipo foniyo munthu anaigula kale pa zifukwa zina. Mu 2016 Activision Blizzard, kampani yomwe ija ya magitala apulasitiki, inagula kampani ya King, eni ake a Candy Crush, pamtengo wa madola 5.9 biliyoni. M'zaka zaposachedwapa masewera a pafoni akhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse za masewera a pakanema padziko lapansi. Loto la Iwata lochulukitsa osewera linakwaniritsidwa, koma amene anakolola kwambiri ndi ena.

Nintendo sinasiye kuyesa. Pa makina a Switch, amene anatuluka mu Malichi 2017, inabweretsa Labo mu 2018: makatoni amene mwana amapinda yekha n'kupanga limba, ndodo yowedzera kapena ziwongolero za njinga yamoto. Aphunzitsi ndi olemba nkhani anayamikira, koma malonda anali apakatikati, chifukwa mwana akamaliza kupinda, masewera otsalawo anali ochepa. Ring Fit Adventure ya mu Okutobala 2019 inachita bwino kwambiri. Chipangizo chake ndi mkombero wolimba umene munthu amafinya kapena kukoka, koma anauphatikiza ndi masewera aatali okhala ndi nkhani, adani ndi ulendo wotenga miyezi. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, mikomberoyo inasowa m'masitolo, ndipo pomaliza inagulitsidwa yoposa 15 miliyoni.

Khomo la anthu aulumali

Pali gulu limodzi la zipangizo zachilendo limene mbiri yake ndi yosiyana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena kuti 16 mwa 100 aliwonse, ali ndi ulumali waukulu. Ena mwa iwo amafunitsitsa kusewera, koma manja awo sangathe kugwira padi wamba.

Kale mu 1989 Nintendo inapanga chowongolera chomangirira pachifuwa, chimene munthu ankayendetsa ndi chibwano, n'kumauzira kapena kukoka mpweya pakapaipi m'malo modina mabatani. Chinkapezeka pochita kuitanitsa kukampani. Zinthu zinasintha mu Seputembala 2018 pamene Microsoft inatulutsa Xbox Adaptive Controller pamtengo wa madola 100, itagwira ntchito ndi mabungwe a osewera aulumali monga AbleGamers ndi SpecialEffect. Ndi thabwa lokhala ndi mabatani awiri aakulu ndi mabowo 19 kumbuyo, amene munthu amalumikizako mabatani ena oti adine ndi phazi, bondo, chigongono kapena mutu, malinga ndi mmene thupi lake lilili. Sony inatsatira ndi chowongolera chake cha Access mu Disembala 2023.

Zipangizozi sizigulitsidwa mamiliyoni makumi ngati Wii Fit, ndipo mtengo umakwera munthu akawonjezera mabatani ofunikira. Koma zili ndi zinthu ziwiri zimene R.O.B., uDraw ndi Kinect zinalibe. Choyamba, wogulayo safunika kunyengereredwa, chifukwa ankafuna kale kusewera ndipo chinkamutchinga ndi chipangizo chokha. Chachiwiri, sizidalira masewera akeake. Zimatsegula masewera onse amene alipo kale, moti munthu waulumali amasewera mpira womwewo umene anzake akusewera. Chipangizo chodalira masewera awiri kapena asanu chimatha ntchito anthu akatopa nawo. Chotsegula masewera onse chimakhalabe ndi ntchito kwa nthawi yonse imene makinawo alipo.

Chopinga cha kuno n'china

Makampaniwa akamanena za makasitomala atsopano, amakhala akuganiza za banja limene lili ndi TV, magetsi osazimazima ndi balaza lalikulu. Kinect inkafuna kuti munthu aime pafupifupi mamita awiri kuchokera pa kamera, popanda mipando pakati. M'chigawo cha kumwera ndi pakati pa Africa, mabanja otere ndi ochepa. Ziwerengero za Banki Yaikulu Padziko Lonse za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 zinasonyeza kuti ku Malawi anthu osakwana 20 mwa 100 aliwonse ndi amene anali ndi magetsi, ku Mozambique pafupifupi mmodzi mwa atatu, ndipo ku Zambia pafupifupi theka. Mu 2024, madzi atatsika m'damu la Kariba chifukwa cha chilala, mabanja ambiri ku Zambia ankakhala opanda magetsi mpaka maola 20 patsiku.

Wii inafika ku South Africa mu 2007, koma m'mayiko ambiri oyandikana nawo makina otere amabwera ndi amalonda wamba kapena ndi achibale ochokera kunja, nthawi zambiri atagwirapo kale ntchito. Achinyamata ambiri ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka amakumana ndi PlayStation m'timashopu tolipira pa gemu iliyonse, ndipo masewera ake amakhala a mpira wamiyendo. Amenewa mabatani sawaopa. Chowavuta ndi mtengo. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 makina amene analowa m'nyumba zambiri ku South Africa anali otsika mtengo otsanzira NES, ochokera ku Asia, amene anthu ankangowatchula kuti TV game, ndipo ambiri ankabwera ndi mfuti yapulasitiki yowombera abakha ija.

Masiku ano khomo lalikulu m'chigawochi ndi foni, ndipo zimene zimatsegula kapena kutseka khomolo ndi mtengo wa foniyo, mtengo wa mabandulo a intaneti ndi njira yolipirira kwa munthu amene alibe khadi la kubanki. Kampani ya Carry1st ya ku Cape Town, imene inakhazikitsidwa mu 2018, imafalitsa masewera a pafoni ndipo inakonza njira yoti osewera azilipira kudzera m'ndalama za pafoni ndi njira zina zodziwika m'mayiko awo. Mu Januwale 2024 thumba la ndalama la Sony loikiza m'makampani atsopano linaikamo ndalama. Zimenezi zikusonyeza kuti ngakhale eni PlayStation akuona kuti osewera atsopano a ku Africa adzafikiridwa kudzera pafoni ndi njira yolipirira yosavuta.

Zoyenera kuyang'anira

Eni Nex Playground akuoneka kuti anaphunzirapo pa zimene zinachitikira Kinect ndi Wii. Kabokosi kawo sikadalira makina a kampani ina, choncho palibe amene angakachotsere kabowo monga zinachitikira Didget. Kamabwera ndi masewera ochepa, ndipo ena onse banja limawapeza polipira ndalama pa miyezi ingapo kapena pachaka, pomwe kampaniyo imalonjeza kumawonjezera atsopano. Motero phindu lake silidalira tsiku logula lokha, koma kuti banjalo lipitirize kusewera.

Chiwerengero cha mabokosi ogulidwa pa Khrisimasi chimanena zochepa, popeza Guitar Hero, Kinect ndi uDraw nazo zinayamba ndi malonda apamwamba. Chimene chidzasonyeze ngati kampaniyi yapambana ndi kuchuluka kwa mabanja amene adzalipirenso chaka chachiwiri ndi chachitatu, ana atazolowera kudumpha pamaso pa kamera ndipo foni ya amayi awo ili pomwepo patebulo.